Mphunzitsi Wachilendo Pakati pa Eni Mudzi: Phunziro Lochokera ku Chia

Chaka chilichonse, nyengo yopita kukayeserera kuphunzitsa ikayandikira, mafunso amene timalandira kuchokera kwa inu ophunzira uphunzitsi amakhala amodzimodzi. Mumafuna kudziwa za kalembedwe ka sikimu, za kukonza phunziro, za zipangizo zophunzitsira, ndiponso za chimene aphunzitsi a ku koleji adzayang'ane pamene adzabwere kudzakuonererani. Mafunso onsewa ndi abwino. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera ophunzira athu m'masukulu a m'mphepete mwa nyanja, sindikumbukira ndi mmodzi yemwe amene adagwa chifukwa chosadziwa kulemba sikimu. Amene adavutika, adavutika chifukwa cha zinthu zochitika kunja kwa kalasi: moni umene sadapereke, maliro amene sadapiteko, ngongole ya nsomba, kapena liwu limodzi lolankhulidwa mwachibwana pamaso pa ana a eni.

Malinga ndi dongosolo la maphunziro a uphunzitsi limene lidakonzedwanso mu 2017, wophunzira amakhala materemu awiri ku koleji, awiri ku sukulu yoyesererako, kenaka awiri omaliza ku koleji. Amene adaphunzira dongosololi lisanasinthe ankakhala chaka chathunthu ku sukulu yoyesererako. Motero inu muli ndi nthawi yochepa kuposa imene akulu anu adali nayo. Mphunzitsi wotumizidwa kukakhazikika akhoza kulakwa chaka choyamba nakonza chaka chachiwiri. Inu mukalakwira mudzi mwezi woyamba, mudzamanga katundu kubwerera ku koleji mudziwo usanakukhululukireni, ndipo amene adzalipire mlanduwo ndi ana amene adaleka kubwera m'kalasi mwanu, pamodzi ndi mnzanu amene adzatumizidwe komweko chaka chotsatira.

Ndasankha kunena za ku Chia, m'boma la Nkhotakota. Chia ndi nyanja yaing'ono, ya masikweya kilomita pafupifupi 17, imene ili pa mtunda wa makilomita oposa 20 kummwera kwa boma, m'mbali mwa msewu wa M5 wochokera ku Salima. Madzi ake amabwera ndi mitsinje yotsika m'mapiri a Ntchisi, monga Lifuliza, ndipo amatulukira m'nyanja ya Malawi kudzera pa ngalande imene msewu umawoloka pa mlatho. Pa mlathopo pali msika wa nsomba umene aliyense woyenda msewu umenewo amaudziwa. Anthu a m'midzi yozungulira, m'dera la Mfumu Mwadzama, amasodza, amalima mpunga m'madambo ndi chinangwa kumtunda. Wophunzira wochokera ku Kasungu, Dowa kapena Mchinji akamva kuti akupita kwa Achewa anzake amaganiza kuti palibe chachilendo chimene akakumane nacho, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi. Munthu wotumizidwa kwa anthu a chilankhulo china amadziwa kuti ndi mlendo, tsono amaponda mosamala. Amene akumva chilankhulo chake chomwe amaiwala kufunsa, ndipo akulu adati safunsa adadya phula.

Masiku oyamba

Sukulu idamangidwa pa malo a mudzi, ndipo nthawi zambiri njerwa za nyumba imene mudzagonemo adaumba ndi makolo. Chifukwa chake nkoyenera kuti sabata yoyamba isanathe mukaonekere kwa amfumu. Musapite nokha; pemphani mphunzitsi wamkulu akuperekezeni, pakuti mlendo sadzitchula yekha pabwalo. Mukafika odirani, khalani pamene akulozerani, ndipo dikirani kuti eni ake ayambe kupereka moni. Akakufunsani kwanu, musangoti "ku Dowa". Tchulani mudzi, mfumu yanu ndi mfunda wanu. Ndaona nthawi zambiri kuti wophunzira akangoti ndine Banda kapena ndine Naphiri, pabwalo pomwepo pamapezeka gogo wina amene amati, "Ndiye kuti uyu ndi mdzukulu wanga," ndipo kuyambira tsiku limenelo mlendoyo ali ndi khomo lokapemphako moto. Chibale chotere sichamasewera. Gogo ameneyo ndi amene adzakunong'onezeni mukalakwa, nkhani isanafike pamsika.

Pambuyo pa amfumu, dziwani apampando a komiti ya sukulu, a bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi amayi a gulu loyang'anira atsikana. Dziwaninso ashehe ndi atsogoleri a mipingo. Simufunika kukamba nawo zambiri. Chofunika ndi chakuti akuoneni nkhope muli pamtendere, kuti tsiku limene mudzawafune pa vuto la mwana lisakhale tsiku loyamba kukumana nawo.

Za moni sindichulutsa mawu. Munthu amene amadutsa amayi pamjigo maso ali pa lamya, pofika madzulo amakhala atapatsidwa dzina, ndipo dzina limenelo ana amalidziwa mphunzitsi asanalimve. Za chakudya ndinenepo pang'ono. Ku Nkhotakota nsima ya masiku onse m'mabanja ambiri ndi kondowole, wophikidwa ndi ufa wa chinangwa choviika. Amene adakulira nsima ya chimanga amavutika nayo poyamba, chifukwa imamata m'manja ndipo ili ndi fungo lakelake. Palibe amene angakukakamizeni kuikonda. Koma akakuikirani, sambani m'manja, idyani pang'ono, thokozani. Kukwinya nkhope pa mbale ya munthu, kapena kunena m'kalasi kuti nsima yeniyeni ndi ya chimanga, ndi kuuza ana kuti amayi awo sadziwa kudyetsa banja.

Kalendala imene siilembedwa pakhoma

Mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu mudzapezamo kalendala ya Unduna wa Maphunziro. Kunja kuli kalendala ina, imene siilembedwa, koma imene imalamula kuti mawa m'kalasi mwanu mudzakhala ana angati. Kalendala imeneyi imayendera mwezi wakumwamba, mphepo ndi madzi, ndipo mphunzitsi amene saidziwa amangoona ana akujomba popanda chifukwa.

Tiyambe ndi mwezi. Asodzi a usipa m'nyanja yaikulu amasodza usiku ndi nyali, pogwiritsa ntchito ukonde wa chilimira. Nsomba zimasonkhana pa kuwala kwa nyaliyo. Mwezi ukawala kwambiri nyali siikoka nsomba, motero usodzi umachepa. Mdima ukabwerera, mabwato amatuluka onse. M'mawa wa masiku a mdima padoko pamadzaza anthu: ena kukoka mabwato, ena kutula nsomba, ena kuyanika pa mathandala. Mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri amene wathandiza ntchito imeneyi amapatsidwa nsomba za ndiwo kapena kandalama, ndipo akafika ku sukulu amafika mochedwa, maso ali ofiira. M'nyanja yaing'ono ya Chia momwemo anthu amatchera matchera ndi miono madzulo nakavuula mbandakucha, ndipo kumenekonso manja a ana amafunika.

Kenaka mphepo. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera, ndipo pamakhala masiku amene bwato silingayerekeze kulowa m'nyanja yaikulu. Masiku otero kalasi imadzaza, koma m'nyumba ndalama mulibe, ndiye si nthawi yabwino youza ana kuti mawa aliyense abwere ndi kope latsopano. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala Nthambi ya za Usodzi imaletsa mitundu ina ya maukonde kuti chambo chiswane, ndipo mabanja odalira makoka amakhala pa mavuto omwewo. Mpunga nawo uli ndi nyengo zake. Mvula ikakhazikika anthu amakhala kudambo kuwokera, ndipo mpunga ukayamba kucha, chakumapeto kwa dzinja, pamafunika munthu wopirikitsa mbalame kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ntchito imeneyi kawirikawiri imagwera ana. Mitsinje ikadzaza, ana a tsidya lina sawoloka, ndipo kholo limene lasunga mwana pakhomo tsiku lotero lachita mwanzeru.

Sindikunena kuti mphunzitsi avomereze kuti ana azijomba, kapena kuti ana azigwira ntchito za akulu. Malo a mwana nthawi ya sukulu ndi m'kalasi, ndipo mafumu ambiri a m'mphepete mwa nyanja, mogwirizana ndi makomiti a padoko, adaika malamulo oletsa ana kupezeka padoko nthawi imeneyo. Chimene ndikunena ndi chakuti simungalimbane ndi chinthu chimene simukuchidziwa. Mphunzitsi amene akudziwa kuti sabata ya mawa ndi ya mdima sayamba mutu watsopano wa masamu Lolemba lake osakonza njira yobwerezera kwa amene adzajombe. Amakambirana ndi mphunzitsi wamkulu kuti amfumu akumbutse makolo nthawi isanafike. Amadziwa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amene ali pa ngozi yosiya sukulu, ndipo amawafunsa ndi maina awo akasowa.

Ndikufotokozereni chimene chidachitikira wophunzira wathu wina pa sukulu ina ya m'dera limeneli. Adali mnyamata wanzeru, wochokera kumtunda, ndipo sikimu zake zidali zosiririka. Adapatsidwa Sitandade 5. M'kalasimo mudali mnyamata wamkulupo amene ankawodzera pafupifupi tsiku lililonse phunziro loyamba. Atamuchenjeza kawiri, tsiku lachitatu adamuimika kutsogolo nanena kuti, "Iwe ndi ulesi wakowu udzathera m'bwato ngati abambo ako." Ana sadaseke. Mawa lake mnyamatayo sadabwere, ndipo pamodzi ndi iye padasowa anzake ena angapo. Tsiku lachitatu kudabwera bambo wachikulire ku ofesi, amalume ake a mwanayo, nafunsa modekha kuti, "Aphunzitsi, kodi bwato lidalakwa chiyani? Makope amene mwanayu amalembamo timagula ndi chiyani?" Zidadziwika kuti bambo a mwanayo adamwalira kalekale, ndipo iye ankadzuka usiku kukathandiza amalume akewo kuvuula matchera kuti apeze sopo ndi makope.

Taonani kuti wophunzira wathuyo adalakwa kawiri. Adalanga mwana asanafunse, ndiponso adanyoza ntchito imene ikudyetsa kalasi yonse. Ana ena aja sadajombe chifukwa cha chisoni chokha. Mawuwo adakhudza abambo awo onse. Mphunzitsi wamkulu adachita chanzeru. Sadaweruze nkhaniyo mu ofesi, koma madzulo adatenga mnyamata wathuyo kupita naye kwa amalumewo, ndipo kumeneko adapepesa atakhala pamphasa. Adagwirizana kuti mwanayo azikathandiza Loweruka ndi Lamulungu lokha, ndipo masiku ena amalumewo apeze wina. Sizidayende bwino nthawi zonse. Masiku ena mwanayo ankachedwabe. Koma adamaliza chakacho. Pamene ndidapitako kachiwiri ndidapeza kuti wophunzira wathuyo adajambula timiyezi ting'onoting'ono ndi pensulo pamwamba pa masiku m'kaundula wake wa ana, ndipo ankatha kunena sabata imene kalasi idzachepe.

Mwaonanso kuti amene adabwera ku ofesi adali amalume. Kwa Achewa mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo m'mabanja ambiri mawu a mwini mbumba amalemera pa nkhani ya mwana. Mukaitana kholo nkubwera amalume kapena agogo, musawabweze kuti mukufuna bambo ake enieni. Mwina amene ali patsogolo panuyo ndi amene angathe kuchitapo kanthu.

Zimene ana akudziwa kale

Ku koleji timakuphunzitsani kuti phunziro liyambe ndi zimene mwana akudziwa nkupita ku zimene sakudziwa. Mfundo imeneyi nonse mumailemba bwino pa mayeso, koma siitheka ngati mphunzitsi sadziwa zimene mwanayo akudziwa. Mwana wa ku Chia amene amaoneka wogona pa masamu a m'buku amatha kuwerengera mumtima mtengo wa milu isanu ya nsomba nabweza chenje chosalakwika basi isananyamuke. Amadziwa m'mene ndalama za usiku umodzi zimagawidwira pakati pa mwini ukonde ndi alovi ake, atachotsapo za mafuta. Amenewo ndi masamu a magawo, ndipo mukayambira pamenepo mudzaona manja akukwera m'mwamba kuchokera kumbuyo kwa kalasi, kumene simunkayembekezera.

Chimodzimodzi pa sayansi. Buku likanena za kuswana kwa nsomba, funsani ana za chambo. Adzakuuzani kuti chachimuna chimakonza malo pamchenga, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana mkamwa mwake kufikira titakula pang'ono. Ambiri adaonapo tiana tikugwa mkamwa mwa nsomba yogwidwa. Kuchokera pamenepo iwo okha adzafotokoza chifukwa chimene Boma limatsekera usodzi nyengo ina, ndi chifukwa chimene ukonde wa maso ang'onoang'ono, makamaka neti ya udzudzu imene ena amaisandutsa ukonde, umawonongera nyanja. Pophunzitsa za mphepo, lembani pa bolodi maina amene iwo akukupatsani, mwera ndi mpoto ndi ena, musanalembe a m'buku. Musachite manyazi kunena kuti, "Ichi sindichidziwa, tandiuzani." Ulemu wanu suchepa, ana amene aphunzitsa mphunzitsi wawo kanthu amamvetsera bwino nthawi yake yolankhula ikafika.

Paja pali mawu akuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Nzoona, ndipo inunso muli ndi chobweretsa. Ana a ku Chia amaona madzi a Lifuliza akufiira dzinja lililonse, ndipo amamva akulu akudandaula kuti nyanja yawo ikukwiririka ndi matope. Wophunzira wochokera ku Ntchisi adaona ndi maso ake kumene matopewo amachokera: minda ya m'mapiri yopanda akalozera, ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje imene idadulidwa. Akaphatikiza zimene iye akudziwa ndi zimene ana akudziwa, phunziro la kukokoloka kwa nthaka limakhala lamoyo kuposa chithunzi chilichonse cha m'buku. Komabe kalumoko musakatulutse tsiku lofika. Mlendo amene amayamba ndi kukonza zolakwika za eni ake, ngakhale akunena zoona, samvedwa.

Mzikiti, tchalitchi ndi dambwe

Kuti mumvetse makolo a ku Nkhotakota, kumbukirani mbiri ya boma limeneli. Cha m'ma 1840 kudafika amalonda a Chiswahili otsogozedwa ndi Salim bin Abdallah, amene adatenga dzina la Jumbe. Iwo ankachita malonda a minyanga ndi akapolo kuwolotsa nyanja, ndipo adabweretsa Chisilamu nakulitsa ulimi wa mpunga. David Livingstone adafika kumeneko mu 1861 ndi mu 1863. Ulamuliro wa a Jumbe udatha m'ma 1890, ndipo mu 1894 amishoni a Anglican a UMCA adakhazikitsa mishoni yawo pa Nkhotakota. Bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895, adaikidwa m'tchalitchi cha All Saints pomwepo. Kwa zaka zambiri masukulu adali m'manja mwa amishoni, ndipo makolo ambiri a Chisilamu ankaopa kutumizako ana awo poganiza kuti akatembenuzidwa. Mantha amenewo adachepa kwambiri, makamaka kuyambira mu 1994 pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana m'dziko muno chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Koma agogo amene akulera ana anuwo akukumbukira, ndipo mphunzitsi wosasamala akhoza kudzutsa mantha akalewo ndi pemphero limodzi lokakamiza.

Tsono dziwani zinthu zochepa izi. Ana ambiri a Chisilamu amapita ku madrasa masana akaweruka, choncho mukafuna kutsalira ndi ena kuti muwathandize kuwerenga, kambiranani ndi makolo ndi ashehe poyamba. Apo ayi mwana adzagwidwa pakati pa aphunzitsi awiri. Lachisanu masana ndi nthawi ya swala. M'mwezi wa Ramadani ana okulirapo amasala kudya usana wonse, ndipo si nzeru kuwathamangitsa pabwalo dzuwa lili pamutu. Pa chikondwerero cha sukulu, mbuzi kapena nkhuku achinje Msilamu kuti onse adye. Akhristu a kumeneko adazolowera kale mwambo umenewu ndipo sauona chachilendo. Mtsikana wovala hijabu musamuvule: mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu, kudzera m'bungwe la Public Affairs Committee, adasainirana mgwirizano wolola chovalachi ngakhale m'masukulu a mipingo. Wophunzira wa Chisilamu amene watumizidwa ku sukulu ya mishoni naye achite chimodzimodzi polemekeza mapemphero a eni sukulu.

M'midzi ina mudzapeza dambwe. Kaya kwanu mumavina gule wamkulu kaya mpingo wanu umaletsa, m'kalasi musalankhule za zilombo mwachipongwe, ndipo musafunse mwana wometa kuti aulule za kumeneko. Mukakumana nazo panjira, patukani. Ngati chinamwali kapena jando ikugwera mkati mwa teremu, imeneyo ndi nkhani ya mphunzitsi wamkulu, komiti ndi amfumu, amene m'madera ambiri adagwirizana kale kuti miyambo yotere izichitika pa tchuthi. Si nkhani ya mlendo wa miyezi iwiri.

Maliro, ngongole ndi khomo lanu

Palibe chimene mudzi umawerenga mosamala kuposa nkhope zopezeka pa maliro. Mukamva kuti kwagwa zovuta pafupi ndi sukulu, makamaka pa banja la mwana wa m'kalasi mwanu, pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, kapena pitani mukangoweruka. Asilamu sachedwa kuika maliro, nthawi zambiri tsiku lomwelo, choncho amene amati ndipita mawa amapeza zonse zitatha. Khalani kumbali kumene amuna kapena akazi anzanu akhala, perekani chipepeso chimene mungathe ngakhale chikhale chochepa, ndipo musayambe nkhani za sukulu. Ndikudziwa mtsikana wina wa koleji ino amene ankalephera kuletsa phokoso m'kalasi mwake kwa mwezi wathunthu. Atakagona pasiwa usiku umodzi ndi amayi a m'mudzimo, kutunga nawo madzi ndi kusonkha nawo moto, phokosolo lidachepa popanda iye kusintha kaphunzitsidwe. Ana adauzidwa kunyumba kuti ameneyo ndi munthu.

Ndalama ya wophunzira uphunzitsi ndi yochepa, ndipo nthawi zina imachedwa. Padoko pali anthu amene usiku umodzi wabwino amagwira ndalama zoposa zimene inu mudzalandire mwezi wonse. Adzakukongozani nsomba mokondwa. Koma mukakongola kwa bambo wa mwana wa m'kalasi mwanu, tsiku limene mwanayo adzalakwe mudzapeza kuti pakamwa panu palemera. Atsikana, nsomba imene mwamuna amakutumizirani madzulo aliwonse osatchula mtengo ili ndi mtengo wake. Thokozani, lipirani, kapena uzani mayi wachikulire wa pa sukulupo kuti akuyankhulireni. Anyamata, mtsikana wa Sitandade 7 kapena 8, ngakhale aoneke wamkulu msinkhu, ndi mwana wa sukulu. Kuchita naye chibwenzi ndi mlandu umene umathetsa uphunzitsi usanayambe ndipo ukhoza kukufikitsani ku ndende. Lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zidakhazikitsa kuti munthu wosafika zaka 18 ndi mwana. Musatume ana a sukulu kukakuphikirani kapena kukakusesererani m'nyumba, ngakhale makolo atanena okha kuti palibe vuto. Mukafuna kuthandiza mwana pa phunziro, khalani naye pa khonde la sukulu, poonekera.

Pa mikangano ya ufumu, ya malo kapena ya zipani, khalani ndi makutu okha. Wina akadzakufotokozerani mbali yake mwachikondi chachikulu sabata yoyamba, dziwani kuti pali mbali ina imene simudaimve.

Za thupi lanu, funsani eni ake posamba ndi pochapa, chifukwa iwo amadziwa pamene pali ng'ona ndi mvuu, ndiponso doko la amuna ndi la akazi. Madzi odekha a m'mabango ndi amene amasunga nkhono zofalitsa likodzo. Ngati pali mjigo, sambani madzi a pamjigo. Gonani m'neti usiku uliwonse. Madzi akumwa wiritsani kapena thiranimo mankhwala, pokumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo adavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Mphunzitsi wodwala sabata ziwiri pa materemu awiri wataya gawo lalikulu la nthawi yake.

Ntchito yoti mukachite

Mwina simudzatumizidwa ku Chia. Wina adzapita ku minda ya fodya, kumene ana amasowa nyengo yothyola ndi yosoka. Wina ku minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, wina kufupi ndi msika waukulu kumene tsiku la msika limakhuthula kalasi. Kulikonse kumene mukapite, gulani kope limodzi lapadera, losakhala la sikimu. M'masabata awiri oyamba mulembemo maina a mafumu amene ana anu amachokerako ndi mtunda umene ana a mudzi uliwonse amayenda. Ntchito zimene mabanja amadalira ndi miyezi imene ntchitozo zimafuna manja a ana. Masiku ndi maola a mapemphero. Ndi mawu khumi amene ana amanena koma inu simudawamvepo kwanu, pamodzi ndi matanthauzo ake. Zimenezi musazitenge kwa mphunzitsi wamkulu yekha. Funsani mlonda wa sukulu, amayi ophika phala ngati alipo, ndi ana eni ake.

Kenaka sankhani phunziro limodzi la masamu kapena la sayansi, mulikonze kuchokera m'kope limenelo, ndipo mupemphe mphunzitsi wokulangizani kuti adzalionerere. Pamene tidzabwere kudzakuyenderani tidzapempha kuona kopelo tisanaone sikimu, ndipo mukadzabwerera ku koleji teremu yachisanu mudzabwere nalo, chifukwa tidzalipereka kwa anzanu amene adzapite ku sukulu yomweyo pambuyo panu.